Namgumi wa Makutu

Anthu ankati Zelipa sasunga mangawa. Sankamudziwa. Zelipa ankasunga, koma ankasunga mwaukhondo, ngati nyama ya mufiriji: yokulunga bwino, yosanunkha, yongodikira tsiku loti iphikidwe.

Nyama imene inali mufiriji mwake chaka cha 1975 inali ya a Lameck.

Nkhani yake inayamba mu Januwale, ku fulati ya a Overtone ku Mississauga, kumene Amalawi a mu Toronto ankasonkhana mwezi ukatha. Analipo ochepa, moti ngakhale uwonjezerepo anzathu a ku Chipata, onse ankakwana pabalaza limodzi, ena atakhala m'mikono ya mipando. Tsikulo Zelipa anachokera ku Oakville, kumene ankasamalira dona wina wokalamba. Anakwera sitima, anatsika, anadikira basi chisanu chikumuluma mpaka m'mano. Kunsi kwa chikhoti anali atavala thalauzi yabulauni, m'manja atanyamula beseni la mandasi.

Amene anatsegula chitseko anali a Lameck. A Lameck ankayeza magazi pa chipatala china ku Scarborough, koma imeneyo inali ganyu chabe. Ntchito yawo yeniyeni, imene palibe anawalemba, inali yolondera mwambo. Anali mkulu wa mpingo, nkhoswe wa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe. Poti kwawo kunayandikana ndi kwa Medson, mwamuna wa Zelipa, a Lameck ndi Zelipa ankatchulana alamu.

Anamuyang'ana kuyambira m'mawondo kutsika pansi.

"Alamu, mwasochera kodi? Msonkhano wa amuna ndi sabata yamawa."

Pabalaza ena anaseka, ena anatsokomola.

"Kunja kukuzizira, alamu," anatero Zelipa.

"Kuzizira sikunayambe lero. Kumudzi boma laletsa akazi kuvala zimenezi. Ndiye ife tikakwera ndege, mwambo tiziusiya pa Chileka ngati katundu wolemera? Agnes, tabwera ndi chitenje."

Agnes, mkazi wawo, anali woyembekezera nthawi imeneyo. Anabwera nacho chitenjecho maso ali pansi. Zelipa anachimanga ali chiimire panja pa chitseko, mzungu wina woyandikana nawo akudutsa ndi galu wake, onse awiri, mzungu ndi galu, akuonerera. Medson anapeza chinthu chosangalatsa kwambiri pa nsapato zake ndipo anachiyang'ana mpaka nkhani inatha.

Chitenje chokha chikanaiwalika. Koma a Lameck anadya mandasi a Zelipa mpaka beseni linaoneka pansi, nayamikira kuti manja aakazi ndi aakazi ndithu akakumbutsidwa. Ndipo pofika mwezi wotsatira, dzina linali litamera. Amayi akamamufunsa Medson ankati, "AThalauzi ali bwanji kunyumba?" Zelipa anasiya kupita ku misonkhano. M'dziko la eni, kumene Chichewa umachimva kamodzi pamwezi, kusiya kupita kumeneko kunali ngati kudzitsekera m'kabati. Iye ankafuna kubwererako, koma osati ndi chitenje chobwereka.

Mwezi wa Malichi Agnes anachira, mwana wamkazi, Naomi. Kuchokera ku Ntcheu kunabwera mayi ake a Agnes, aNachisale, kudzathandiza kulera. Apa ndiye a Lameck anapeza bwalo loonetsera luso. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, sadya nawo pamodzi, salankhula nawo popanda munthu wapakati. Kumudzi zimenezi n'zosavuta, pali tchire, pali njira zambiri. Koma mu fulati ya zipinda ziwiri, pamwamba pa nyumba yosanjikizana ya ku Scarborough, inali nkhondo. A Lameck ankadyera kuchipinda, mbale ili pa thabwa lositira. Akafuna kupita kubafa ankayamba ayimba mluzu wa nyimbo ya kutchalitchi kuti njira ikonzeke. Tsiku lina chikepe chinatseguka, m'katimo muli apongozi ndi dengu la matewera. A Lameck anatembenuka, nakwera masitepe onse mpaka pamwamba, nafika lilime lili pa tayi. Nkhani imeneyi ankaifotokoza okha kwa aliyense.

"Mwambo ndi thukuta, achimwene," ankamuuza Medson. "Ofooka ndiye amapeza zifukwa. Ati kukuzizira."

Medson, poti analibe mutu wodziwa zobisa, ankakazifikitsa kwa mkazi wake mmene zinalili.

Ndi Medson yemweyo amene anayambitsa za anamgumi. Adona a Zelipa, mayi Alice, anali ndi chizolowezi. Ogasiti aliyense ankapita kummawa, kupyola Quebec, kumene mtsinje wa St. Lawrence umatambasuka n'kusanduka wamchere. Kumeneko ankakwera kasitima kapamadzi koyenda m'mbali mwa gombe masiku angapo, kukaona mbalame, nyama zonenepa zonga akatumbu zogona pamiyala, ndi anamgumi. Zelipa ankapita nawo kuti aziwagwira mkono pa masitepe. Medson anangotchula nkhaniyi akumwa tiyi, koma a Lameck anaima ndi kapu m'malere.

Munthu ameneyu anali atalalikira za Yona ndi chinsomba kuyambira ali mnyamata, atatambasula manja pa guwa kuonetsa kukula kwa pakamwa pake, chonsecho nsomba yaikulu imene anaionapo inali kampango. Sabata yomweyo anafona n'kubukitsa malo. Anagula chipewa cha amalinyero. Anagula magalasi oonera patali, namayeserera pakhonde madzulo aliwonse, kulozetsa kunyanja ya Ontario, ngakhale chimene ankaona kwenikweni chinali zovala za Mgiriki wa nyumba yoyang'anizana nayo. Kuntchito anzake anayamba kumuthawa pa nthawi ya tiyi. Kutchalitchi Yona anamezedwa milungu yotsatizana. Ndipo pansi pa zonsezi panali chimwemwe china chimene sankachitchula: masiku angapo odya pa tebulo ngati munthu, opita kubafa popanda mluzu.

Zelipa atapita kukaona mwana, a Lameck anamuitanira pakhonde.

"Alamu, inu munapitako, ngakhale munapita ngati ndodo ya adona. Sitima yake ndi yaikulu bwanji?"

"Yokwanira, alamu."

"Chakudya?"

"Chambiri. Nsomba, nyama, buledi wotentha. Mukadya mpaka mukamasula lamba."

A Lameck anameza malovu. Zelipa sananame, anangosiya zina. Sanatchule kuti m'kasitimako tebulo ndi limodzi, lalitali, ndipo onse amadya belu likalira. Sanatchule kuti kanjira ka pakati pa zipinda n'kopapatiza, moti anthu awiri akakumana amapumirana. Nthawi imeneyo analibe nazo ntchito zimenezi. Anangozikulunga n'kuziika pambali.

Ntchito yake inapezeka mu Julayi. Zelipa anali kupesa tsitsi la adona pawindo loyang'ana kunyanja pamene adonawo anadandaula kuti mng'ono wawo, amene ankapita naye chaka chilichonse, wathyoka mwendo. Bedi lake m'sitima linali lolipiridwa kale.

"Ulibe mnzako wofuna kuona anamgumi?" anafunsa m'Chingerezi chawo chapamphuno.

Chipeso chinaima pakati pa mutu.

"Alipo mayi wina," anatero Zelipa. "Ndi mlendo kuno. Sanaone kalikonse."

ANachisale anawapeza m'chipinda chochapira, pansi pa nyumba, atakhala pa benchi akuyang'ana matewera akuzungulira m'makina. Sanali mayi wofatsa ayi. Kwawo ankagulitsa tomato ndi kabichi pamsewu, ndipo madalaivala a malole ankawaopa pakamwa.

"Amayi, Canada mukumuona bwanji?"

"Canada wake uti, mwanawe? Ine ndaona khitchini, ndaona makina awa, ndaona msana wa bambo a Naomi. Ndikapita kumudzi akandifunsa, ndikanena kuti Canada ndi msana."

Zelipa anafotokoza za bedi lopanda mwini, za miyala, za mbalame, za chinsomba chachikulu kuposa basi. ANachisale anamvetsera maso ali pa makina.

"Sitima yake ndi yomwe akukwera bambo a Naomi?"

"Yomweyo."

"Iwo akudziwa?"

"Angadziwe bwanji, poti inu simulankhulana?"

Makina anazungulira, anazungulira. ANachisale anakanda pansi pa duku.

"Kumadyera kuti?"

"Tebulo ndi limodzi, amayi."

"Za thalauzi lako lija anandiuza Agnes," anatero aNachisale, ngati akunena za nyengo. Kenaka anati, "Kumazizira kumeneko? Ndivale chiyani?"

Uthenga umene unafika kwa a Lameck, kudzera mwa Agnes, unali woti amayi akupita ndi Zelipa kwa adona masiku angapo, kukaona madzi. A Lameck anati ndi maganizo abwino kwambiri, mpweya wa ku Oakville ndi wabwino kwa achikulire. Anawagulira ndi maswiti a panjira. Agnes anapita kubafa n'kutsegula mpopi kuti kuseka kwake kusamveke.

Masabata otsalawo Zelipa anawadya pang'onopang'ono ngati chimanga chokazinga. Medson akabwera ndi nkhani yoti achimwene agula nsapato za mphira, iye ankati, "Achita bwino." Akati achimwene aloweza mayina a anamgumi onse, ankati, "Adzawathandiza." Medson anayamba kuganiza kuti mkazi wake wakhululuka, ndipo anamuyamikira kuti ndi Mkhristu weniweni.

A Lameck ananyamuka pa sitima yapamtunda kuchokera pa siteshoni ya Union. Adona ndi anthu awo anapita pa galimoto. Anakumana padoko, m'mawa wa nkhungu, kasitima koyera kakugwedezeka pa zingwe zake. A Lameck anali atafika kale, chipewa kumutu, magalasi pachifuwa, akufotokozera mzungu wina wa ku Hamilton, Douglas, kusiyana kwa anamgumi a mano ndi opanda mano. Galimoto inaima. Anatsika adona, anatsika Zelipa. Kenaka kunatuluka phazi, chitenje, duku.

A Lameck anatembenuka msanga ngati awombedwa mbama, nanjuta kuyang'ana khoma la shedi, naomba m'manja mwaulemu. Douglas anagwada pambali pawo kuwathandiza kufuna chimene chagwa.

"Alamu, mwafika bwino?" anatero Zelipa. "Amayi akuti akupatseni moni. Akuti zikomo maswiti aja."

Belu la chakudya litalira, a Lameck anasuzumira m'chipinda chodyera, naona tebulo, naona apongozi atakhala pakati penipeni akupaka batala pa buledi. Anapita kwa wophika kukapempha mbale ya kuchipinda. Wophikayo, Mfalansa wa ndevu, anati m'sitima mwake chakudya sichiyenda, amayenda ndi anthu. Poti kufotokozera Mfalansa za apongozi kumafuna tsiku lathunthu, a Lameck anangoti akusala kudya. Nkhaniyi inakondweretsa azungu onse. Douglas, amene ankagona nawo chipinda chimodzi, anachotsa mabisiketi ake n'kukawabisa kwa kaputeni kuti asamuike munthu wa Mulungu m'mayesero.

Msampha wake unali wosavuta, ndipo a Lameck anauona bwinobwino. Akanakhala okha ndi apongozi pakati pa azungu, mwina akanapeza vesi lowamasula. Koma panali Zelipa. Kulikonse kumene atembenukire, mlamu anali pomwepo, manja m'matumba, akumwetulira mwaulemu, wokonzeka kunyamula chilichonse chimene aone kukachitula pabalaza la a Overtone.

Pamwamba pa sitima mphepo inali yocheka ngati lumo, ndipo aliyense wokwera kumeneko ankapatsidwa jekete ndi thalauzi za mphira, zachikasu. ANachisale analandira zawo, anazitembenuza uku ndi uku, nalowamo chitenje ndi chitenje chomwe. Anayenda mpaka kutsogolo kwenikweni kwa sitima, nagwira chitsulo, natangadza miyendo ngati mwini wake wa mtsinje.

"Alamu," Zelipa ananong'oneza, "amayi avala thalauzi. Ndikatenge chitenje, mukawauze?"

A Lameck anayang'ana mbalame.

Mbalame anazionadi, zambiri, poti malo awo anali kumbuyo, pafupi ndi utsi wa injini. Anaonanso nyama zonenepa zija zitagona pamiyala, zokhuta, zikuwayang'ana. Koma anamgumi ankatulukira kutsogolo, kumene kaputeni ankalozetsa sitima, ndipo kutsogoloko ukaika magalasi m'maso, chimene chinkadzaza magalasiwo chinali chikasu cha apongozi.

M'mawa wa tsiku lomaliza injini inazimitsidwa. Panali bata, madzi ali see. Kenaka wina anakuwa, anthu onse anathamangira kutsogolo, sitima mpaka inapendekeka. A Lameck miyendo inawanyamula yokha. Zaka zonse za Yona zinawakankha kumsana, anazungulira kanyumba ka kaputeni, magalasi ali m'manja, ndipo anangozindikira ali sitepe imodzi kuchokera kwa apongozi, amene anatembenuka kuti aone akuwapumira m'khosi ndani. Pambali pawo panali Zelipa. Anthu onse m'sitimamo ankayang'ana m'madzi. Zelipa yekha ankayang'ana a Lameck.

A Lameck anatembenuka. Anapereka msana kwa apongozi, kwa mtsinje, kwa chinsomba.

Kumbuyo kwawo kunamveka kupuma kwakukulu, phwaa, ngati sitima ya malasha ikuima pa Balaka. Kunagwa kamvula kofunda konunkha usipa wovunda, n'kuwanyowetsa chipewa. Azungu anausa moyo pamodzi. ANachisale anati, "Mayo ine, chilombochi chili ndi mwini wake." Pamene anthu anabalalika ndipo a Lameck anapeza mpata woyang'ana, pamadzi panali bwalo losalala, likufutukuka, likutha.

Madzulo ake anamupeza Zelipa yekha pa masitepe. Nkhope inali itagwa, lamba atabowola bowo latsopano.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "chinali chotani?"

Zelipa anawayang'ana. Chisoni chinabwera, chinagogoda, koma chinapeza iye atamanga kale chitenje panja pa chitseko cha a Overtone, galu akuonerera.

"Chachikulu, alamu. Chotuwa ngati mwala wonyowa. Msana wake unkangotuluka, kutuluka, osatha. Mphuno ili pamwamba pa mutu."

"Zimenezo ndinawerenga."

"Koma chimene mabuku salemba ndi makutu. Timakutu tiwiri, ting'onoting'ono, ngati ta mvuu. Chisanamire chinatigwedeza kukutumula madzi. Kaputeni akuti amaona zimenezo ndi amwayi okha."

A Lameck anatseka maso, milomo ikuyenda, akusunga.

Msonkhano wa kwa a Overtone unachitika kumapeto kwa Seputembala, masamba atangoyamba kufiira, kunja kukadali kofunda bwino. Zelipa anafika ndi beseni la mandasi, atavala thalauzi yabulauni yomwe ija, ataisita mpaka mzere wake ukanadula chala. Anatsegula chitseko a Lameck. Maso awo anatsika m'mawondo, anabwerera kumaso. Anthu pabalaza anasiya kutafuna.

"Lowani, alamu," anatero a Lameck. "Kunja kukuzizira."

Iwo ankayesa kuti agula chete wa Zelipa, ndipo Zelipa anakhaladi chete. Anakhala pampando wabwino, anapinda mwendo pa unzake. Sanatchule za msana, sanatchule za kusala.

Tiyi atazungulira, a Overtone anati, "Tatiuzani za chinsomba, a Lameck. Tatopa ndi kudikira."

A Lameck anaimirira. Ankadziwa kufotokoza munthu uja, tisamunamizire. Anaika nkhungu pabalazapo, anazimitsa injini, anatulutsa msana wotuwa pang'onopang'ono pakati pa tebulo ndi wailesi. Anapuma phwaa, mpaka mwana wa a Tobias a ku Chipata analira. Kenaka anatsitsa mawu, naika zala ziwiri m'mbali mwa mutu.

"Koma chimene mabuku salemba, abale anga, ndi makutu. Timakutu ngati ta mvuu. Chinandiyang'ana, n'kutigwedeza chonchi."

Anagwedeza zalazo. A Overtone anakwinya pamphumi, poti anali ataonapo anamgumi pa TV, koma munthu amene anapitako ndi amene anapitako.

Mawu anachokera kukhitchini, kumene aNachisale anakhala kuseri kwa chitseko monga mwa mwambo, Naomi ali pamiyendo. Anali mawu oitanira malole pamsewu.

"Agnes. Tawafunsa bambo a Naomi, chinsomba cha makutucho anachionera mbali iti. Chifukwa ine ndinali kutsogolo, chinapuma pamaso panga, mutu wake ndinauona wonse, wosalala ngati dzungu. Makutu amene ndinaona ine tsiku limenelo ndi awo omwewo, poti anali atandipatsa nkhongo."

Agnes anatsegula pakamwa kuti afikitse uthenga, koma unali utafika kale. Anayamba ndi a Tobias, kuseka kwa m'mimba, kenaka amayi onse, kenaka a Overtone amene anachita kutsamira khoma. A Lameck anatsala chiimire, zala zikadali m'mbali mwa mutu. Anayang'ana Zelipa. Zelipa anali kuchotsa kaulusi pa bondo la thalauzi yake.

"Musaseke," anatero a Tobias akupukuta misozi. "AMakutu asunga mwambo."

Dzinalo linagwira pomwepo, ndipo lija la aThalauzi palibe analikumbukanso.

Zelipa ananyamuka ndi beseni, nadutsa pabalaza ponse, nagwada pang'ono pamaso pa a Lameck monga amachitira mkazi wolangizidwa bwino.

"Tengani awiri, alamu. Munasala nthawi yaitali."

Pobwerera, m'basi, Medson ankasekabe, akumenya bondo, akuti achimwene aonjeza, achimwene awaphula. Zelipa anamuyang'ana, nayang'ana nsapato zake zija, zimene Medson anazipeza zosangalatsa kwambiri mu Januwale. Nayenso Medson anali ndi nyama yake mufiriji. Imeneyo inali isanafike poti iphikidwe.